Nkhono Pansi pa Munda wa Amayi

Ntchito yanga yoyamba yolembedwa ndinaiyamba ndili kale mayi wa ana awiri. Kufikira nthawi imeneyo ndinkadalira dimba. Ndinkalima tomato ndi mpiru n'kumagulitsa kwa anthu othawa nkhondo a ku Mozambique amene anadzaza dera lathu la Lisungwi. Nkhondo yawo itatha anakwera malole n'kubwerera kwawo, msika wanga n'kupita nawo. Bambo a ana anga anali atamwalira kale. Chaka chotsatira chisankho cha matipate mvula inavutanso, dimba linauma, ndipo madzi akumwa tinkachita kufukula mumchenga wa mumtsinje. Mwana wanga wamng'ono, Tiyamike, sankatha mwezi osatsegula m'mimba.

Tsiku lina ndinapita kukagula mchere pa sitolo ya a Saidi pa Lisungwi. Panja panaima chilole chonyamula makina aatali, ndipo m'sitolomo munali abambo awiri achilendo akumwa zoziziritsa kukhosi.

"Esnati, paja iwe sukulu unafika nayo ku sekondale, eti?" anandifunsa a Saidi. "Awa ndi okumba mijigo. Akufuna munthu wodziwa kulemba, wosaopa fumbi. Anyamata amene anawalemba athawa."

Mmodzi wa alendowo, wamfupi, wa magalasi, anandiyang'ana manja osati nkhope. Anali a Kanyenda, katswiri wa miyala, amene ankasankha malo okumba. Winayo, wamtali, wosalankhulalankhula, anali a Yusufu, woyendetsa makina.

"Mumatha kupeta, mayi?" anatero a Kanyenda.

Ndinaseka. Ndi mkazi uti sadziwa kupeta?

"Basi, ntchito mwaidziwa kale theka."

Ana ndinawasiya ndi amayi anga, ine n'kukwera lole.

Makina aja amabowola ndi mpweya. Pali kompresa, chiinjini chophokosera chimene chimakankha mpweya kudzera m'mapaipi achitsulo olumikizana. Kumapeto kwa mapaipiwo kuli hamala imene imamenya ndi kuswa mwala, ndipo mpweya womwewo umauluzira zidutswa zake kumtunda. Malo anga anali pakamwa pa dzenje. Mita iliyonse ikatha, a Yusufu ankakweza dzanja, ine n'kutchera sefa, kuwakha zotulukazo, kuzitsuka m'ndowa, n'kukaziika pansi posesedwa bwino. Mulu uliwonse unkakhala pafupi ndi unzake, kuyambira kumanzere, mizere mizere ngati tomato wapamsika. Zina ndinkaziika m'timapepala ta pulasitiki n'kulembapo kuya kwake. Pofika madzulo nsidze ndi tsitsi zinkachita kuyera ndi fumbi, makutu ali ngwee.

Lamulo la a Kanyenda linali limodzi. "Musadumphe mulu, ndipo musasinthanitse. Mukasokoneza milu, mwanamizira nthaka."

Tinayambira kumtunda, ku Nsambe ndi ku Dambe. Kumeneko milu inkayenda mofanana: katondo wofiira pamwamba, kenako dothi lachikasu lofumbutuka lokhala ndi tinthu tonyezimira, kenako thanthwe lotuwa lolimba. A Kanyenda ankatenga kadutswa, kukanyowetsa ndi malovu, n'kukayang'ana pa kagalasi kamene kankalendewera m'khosi mwawo. Anandiphunzitsa kuti dothi lachikasulo ndi thanthwe lomwelo, koma lowola ndi mvula ya zaka zosawerengeka, ndipo madzi amapezeka m'ming'alu pamene chowola chakumana ndi cholimba. Thanthwe la kumtundako, iwo anati, linapsa ndi kupindika pansi penipeni pa dziko, kale kwambiri kusanakhale chamoyo cha fupa kapena cha chigoba. N'chifukwa chake simungapezemo chotsalira cha nyama iliyonse.

Titatsikira ku chigwa, nkhani inasintha. Mudzi wotsatira pa ulendo wathu unali wakwathu.

A Kanyenda anayenda m'mudzimo masiku angapo asanasankhe malo, ine ndikuwanyamulira nyundo ndi madzi. Anthu ankafuna mjigo pakati pa mudzi, pafupi ndi golosale ya amalume anga, a Dzimbiri. Amalumewo ndi amene ankatsogolera nthambi ya chipani china m'mudzimo, ndipo anali atauza kale anthu kuti madziwo abwera chifukwa cha iwo. Koma pakati pa mudzi thanthwe linali poyera, louma ngati chiwaya. A Kanyenda analondola chigwembe chimene madzi a mvula anakumba kumunsi kwa mudzi, n'kundiitana kuti nditsikemo.

Khoma la chigwembecho linali la mizere yosanjikizana: makande akuda pamwamba, mchenga, dongo, mchenga wina. Ndinali nditadutsapo kuyambira ndili mwana, osaganizapo kanthu.

"Mukayala mphasa zingapo, ina pamwamba pa inzake, yoyamba kuyala ndi iti?" anandifunsa.

"Yapansi."

"Nthakanso ndi choncho. Chapansi ndicho chakale. Mchenga uwu unabwera ndi madzi othamanga, dongo ili linadikha m'madzi oima. Chigwa chonsechi chinadzazidwa ndi mitsinje imene inkasamukasamuka. Tikaupeza mtsinje umodzi wokwiririka, tapeza madzi."

Anayeza nthaka ndi mawaya awo a magetsi, kenako anakhoma chikhomo. Chikhomocho chinagwera m'mphepete mwa munda wa amayi anga.

Ndinawachonderera kuti achisunthe. Anati nthaka sidziwa kuti munda ndi wa yani. Madzulo ake mudzi wonse unali ukunena kuti Esnati wanyengerera abwana ake kuti mjigo ukhale pakhomo pa amake. Ena anawonjezera zina zonyansa zokhudza ine ndi abambo a pa lole, zoti sindingazilembe. Masiku amenewo anthu anali atangomasuka pakamwa, ndipo aliyense ankalankhula ngati akubweza zaka zonse zimene anakhala chete. Amalume anandipeza kumtsinje.

"Iwe mwana wa mlongo wanga, wandivula pagulu," anatero. "Dzenje lakolo likapanda madzi, alendowa akwera lole yawo. Iwe utsala nafe."

Zimenezo zinali zoona. Bungwe limene linatituma linkalola dzenje limodzi pa mudzi. Likalephera, tinkapakira n'kupita kwina.

Tinayamba kukumba m'mawa, dzuwa la mwezi wa Okutobala litayamba kale kuluma. Anthu anabwera ambiri, amayi ndi ndowa zawo, abambo atapinda manja pachifuwa. Milu yanga inayamba bwino: makande, mchenga wosalala, dongo lachikasu. Cha m'ma teni koloko fumbi linasiya kutuluka, m'malo mwake kunatuluka matope, kenako timadzi. Amayi ena anayamba nthungululu. Amalume anapita okha, n'kutapa ndi chikhatho, n'kulawa. Analavula.

"Mchere!"

Nanenso ndinalawa. Anali owawa ngati madzi otsukira matemba. Nthungululu zinazima, ndipo panabuka phokoso loposa la kompresa. Wina anakuwa kuti tichotse makina athu. Mnyamata wina anaponda dala mzere wanga woyamba n'kumwaza milu iwiri. Ndinaona amayi anga atakhala pansi pa mtengo wa msangu, atafunda chitenje kumutu, akuyang'ana pansi. M'maganizo ndinali nditayamba kale kufunafuna kumene ndingasamukire ndi ana anga.

A Yusufu anakweza dzanja ngati kuti palibe chikuchitika. Mita ina inali itatha. Ndinatenga sefa n'kupita pa dzenje, chifukwa sindinkadziwa china choti ndichite.

Chimene chinatuluka tsopano chinali dongo lakuda, lomata ngati phula, lonunkha ngati dambo. Linkakana kutsukika. Ndinalifikisa ndi zala m'ndowa mpaka litasungunuka, ndipo pa sefa panatsala tinthu toyera. Poyamba ndinayesa timiyala. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti tina n'topotana. Tinali tizigoba ta nkhono, tochepa ngati njere za mapira, tina tosweka, tina tathunthu, totuluka pansi pakuya kuposa kutalika kwa mtengo wa mlambe.

Ndinapita nato kwa a Kanyenda. Anatiyang'ana pa kagalasi kawo nthawi yaitali, kenako anayenda m'mbali mwa milu yonse kuyambira woyamba, akuwerama pa uliwonse. Atatero anapempha a Yusufu kuti achepetse injini, n'kuitana amalume.

"Bambo Dzimbiri, tambasulani dzanja." Anawathira tizigobato m'chikhatho. "Nkhono izi mumaziona kuti?"

Amalume anazitembenuza ndi chala. "M'mathamanda. Nthawi ya dzinja."

"Ndiye kuti pamene taima pano panali thamanda lalikulu, la madzi abwino, makolo a makolo anu asanabadwe. Dongo lakudali ndi matope ake. Mchere mwalawawo uli pamwamba pa dongo, ndipo dongo sililola madzi kudutsa. Thamanda lotere nthawi zambiri limatsala pamene mtsinje wasamuka. Ngati ndawerenga bwino, mtsinjewo uli pansi pake."

"Nanga ngati simunawerenge bwino?"

"Ndiye kuti ndalakwa ine, osati mayi awa. Sindikulonjezani madzi. Ndikupempha kuti mutilole tiboole dongoli."

Amalume sanataye nkhono zija. Anabwerera nazo kwa anzawo, ndipo ndinaona zikuyenda dzanja ndi dzanja.

Dongo lija linatizunza masana onse. Linkamata hamala, mpweya n'kumalephera kutuluka. A Yusufu anathira sopo wa thovu m'mapaipi kuti matope aziterera, ndipo pakamwa pa dzenje panatutumuka thovu lakuda limene linandithimbiriritsa mpaka m'khosi. Kenako mchenga wa pamwamba uja unagumukira m'dzenje n'kugwira mapaipi. Makina anabuula, osazungulira, osakwera. Aliyense wa ntchitoyi amadziwa tanthauzo lake: mapaipi akakanirira, hamala imatsala pansi, dzenje n'kutayika.

A Yusufu anavula chipewa, n'kupukuta manja pa ovolosi. "Mlongo, imani patali," anandiuza. Anayamba kuwanyengerera mapaipiwo, kukweza pang'ono, kutsitsa pang'ono, kupotoza, kutulutsa mpweya mwadzidzidzi, kudikira, kuyambiranso. Milomo yawo inkagwedera, kaya ankapemphera kaya ankalankhula ndi makinawo. Ine ndinagwira sefa mwamphamvu mpaka waya wake unandicheka chala, osamva. Sindidziwa kuti zinatenga nthawi yotani. Ndinangomva chitsulo chikulira, lole yonse n'kugwedezeka, mapaipi n'kuyamba kuzungulira.

Anatulutsa zonse, n'kulowetsa chipaipi chachikulu chachitsulo chotchinga mchenga wogumukawo pamodzi ndi madzi a mchere aja, ndipo tinayambiranso. Dzuwa litapendeka, kulira kwa hamala kunasintha. Pa sefa panga panagwa mchenga wokhakhala, kenako nsangalabwi, timiyala tosalala tobulungira, tofanana ndi timene ana amasewerera kumtsinje. Mwala subulungira wokha, umabulungira ndi kukokoloka m'madzi. Ndinathamanga nato kwa a Kanyenda, koma ndisanafike, kumbuyo kwanga kunamveka mkokomo. Madzi anatumphuka kupitirira denga la lole n'kutigwera tonse ngati mvula.

Palibe anaimba nthungululu. Onse ankadikira. A Yusufu anawasiya madziwo kuti atuluke mpaka atayamba kuyera, kenako ndinatapa m'kapu ya pulasitiki. Sindinayambe ndi kulawa ndekha. Ndinapita kwa amalume, n'kugwada, n'kuwapatsa.

Anamwa pang'ono, n'kuwayendetsa m'kamwa. Anamwanso, mpaka kapu yonse. Anapukuta ndevu.

"Ndi abwino," anatero. Kenako anayang'ana njira yopita ku golosale yawo. "Komabe n'kutali."

Anthu anaphulika ndi kuseka, ndipo nthungululu zinayamba pamenepo. Ine ndinakhala pansi m'matope momwemo n'kulira, kulira kwenikweni kokhala ndi mamina, amayi anga akundisisita pamsana n'kumati, "Basi, mwanawe, basi, anthu akuona."

M'mawa mwake tinatsitsa mapaipi a pulasitiki, ong'ambidwa timipata kuyang'anizana ndi nsangalabwi zija, osang'ambidwa m'mwamba monse. Tinathira timiyala tosefa m'mbali mwake, ndipo pa dongo lakuda tinatsekapo ndi simenti kuti mchere usatsikire pansi. Amayi anapereka chigawo cha mundawo kwa mudzi pamaso pa anthu, kuti pasadzakhale wonena kuti mjigo ndi wa banja lathu. Miseche ina inapitirirabe, koma inkanenedwa ndi anthu atasenza ndowa zodzaza, ndipo sinkandiwawanso.

Ndinagwira ntchito imeneyi zaka zingapo, m'maboma osiyanasiyana. Maenje ena ankatuluka ouma ngakhale titawerenga bwino chotani, ndipo ndinaphunzira kuimirira pamaso pa mudzi n'kunena zimenezo osabisa. Koma chimene ndinatola tsiku lija n'chakuti pamene anthu akukuwa, pamene mtima ukukuuza kuti zonse zatha, mita yotsatira imafunabe munthu woitsuka. Ndikanaponya sefa pansi n'kukakhala pambali pa amayi, dongo lija likanangokhala matope akuda otayidwa kuseri kwa lole, ndipo madzulo ake tikanapakira makina. Mpaka lero zinthu zikandithina, sindiyamba ndi kufunsa kuti zitha bwanji. Ndimayang'ana chimene chili m'manja mwanga nthawi imeneyo, n'kuchitsuka bwinobwino kuti ndione chimene chili.