Ndinkachonga Khadi, Mapiritsi Ali M'chitini

Inu owerenga, mlongo wanga Tawonga anamwalira ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo dzanja langa lilipo pa imfa yakeyo. Sindinamulodze monga ena amanong'onera kwathu kuno. Ndinangogwira bolopeni.

Tinakulira ku Hara, m'minda ya mpunga. Mawu ake anakulira komweko poingitsa mbalame. Akakuwa m'munda mwathu, mpheta za m'munda wa eni ake nazonso zinkathawa. Atachoka ku kwaya anayamba nyimbo zachikondi zosakaniza Chitumbuka, Chichewa ndi Chiswahili pang'ono. Yoyamba inafalikira m'mafoni, akabaza n'kumaiimba kuchokera ku Chilumba mpaka ku boma. Ine ndinaponya khasu n'kudzitcha manijala, munthu woti ndinalekezera folomu 2.

Chifuwa chinamuyamba nthawi ya dzinja. Tinayesa mandimu, jinja ndi uchi, osasintha. Kuchipatala anati ndi TB, ndipo mankhwala ake ndi a miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa tsiku. Anafuna wachibale woti azimuonerera akumeza m'mawa uliwonse n'kumachonga pa khadi. Amene anakweza mkono ndine.

Miyezi iwiri yoyamba tinatsatira bwino, thupi n'kubwerera. Kenako mpunga unacha. Kuno woimba amakolola limodzi ndi mlimi. Maukwati ndi madansi zimaunjikana nthawi yomweyo, ikakudutsa udikire chaka chamawa. Tsono mapiritsiwo ankamuchititsa nseru ndi kuphwanya m'thupi. Tsiku lina tikukonzekera ukwati wa ku Mlare anandichonderera.

"Adumbu, mlongo wanga, lero pera, lero lokhali, ndisamwe. Ndikamwa ndisanza, ndiye ndiimba bwanji?"

Ndinamumvera chisoni n'kuvomera, koma pa khadi ndinachonga kuti akuchipatala asatikalipire. Lero lija linabala mawa. Pomwe kukolola kumatha, mapiritsi anali atadzaza chitini cha mkaka, khadi lili lodzaza bwinobwino.

Alipo amene anandichenjeza. Bambo wina wa ku Mangochi, mwini golosale ku Mlare yemwe ankatibwereka jenereta, anamumva akutsokomola kuseri kwa siteji. Anandiitanira pambali n'kundiuza kuti chifuwa chotere si cha fumbi. Ndinamuyankha kuti asamale za sopo ndi shuga wake. Pakamwa pangapa ndimachita napo manyazi mpaka lero.

Masana ena ku Sangilo, pa ukwati wa msodzi wina, Tawonga analekeza nyimbo pakati n'kutembenukira kukhoma. Anthu ankaomba m'manja poganiza kuti ndi sitayilo. Ine ndinali pafupi, ndinaona magazi pa kansalu kake.

Kuchipatala adokotala anayang'ana khadi lija n'kudabwa kuti munthu wosaphonya chonchi wabwerera bwanji m'mbuyo. Chifukwa cha mantha ndinabisa za chitini sabata yathunthu. Tsiku limene ndinabweretsa chitini chija, namwino anachitsegula, n'kundiyang'ana, n'kuchitsekanso. Bola akanandikalipira.

Anatiuza kuti matendawo anali atazolowera mankhwala akale. Anamuyambitsa ena amphamvu, koma mapapo anali ataonongeka kale. Panalibe chimene ndikanachita koma kumutembenuza pabedi, kumumwetsa phala ndi kuona mawu aja akuchepa tsiku ndi tsiku. Anandinong'oneza kuti ndisadziimbe mlandu chifukwa anapempha yekha. Koma iye anali wodwala, wamutu wabwino amayenera kukhala ine. Anatisiya anthu akuwokera mpunga wina.

Inu owerenga, akakusankhani kuyang'anira wodwala, chisoni chonga changachi chikanireni kutali. Alire, akunyanyaleni, koma ameze. Mankhwala akamamuvuta, bwererani naye kuchipatala mukanene, ndipo musanamize adokotala ngakhale tsiku limodzi. Ukwati ungathe kupeza woimba wina.

Akabaza akuiimbabe nyimbo ija, ndipo ikandipeza panjira ndimangoima mpaka idutse. Khadi lija ndili nalo. Likunena kuti Tawonga sanaphonye ngakhale tsiku limodzi, ndipo wochonga monsemo ndine.