Hamoki ya Achimwene M'chigafa Changa

Chaka chimene bambo a ana anga anamwalira, a kalabu yathu ya fodya anafuna kufufuta dzina la banja lathu. Anabwera atatu, zipewa m'manja, n'kundiuza mwaulemu kuti fodya ndi ntchito yolemetsa kwa mayi wokhala yekha. Ndinawapempha chaka chimodzi chokha. Apampando anavomera, n'kunena kuti adzabwera kudzaona tsamba lisanapite ku jeke yomangira mabelo. Likakhala labwino, dzina likhala. Kuno kwathu kumtunda kwa Nsaru, munthu wopanda kalabu fodya wake amathera kwa mavenda a sikelo yonama, ndiye ndinkadziwa bwino chimene ndinkavutikira.

Ndinalima, ndipo sindichita manyazi kunena kuti ndinalima bwino. Nazale ndinathirira ndekha, kuwokera ndinawokera ndi ana, mphukira ndinathyola mpaka zala kutupa. Mvula ikupita kumapeto, chigafa chinali chitayamba kudzaza, ndipo odutsa m'njira ankachepetsa liwiro la njinga kuti aone. Nthawi imeneyo ndi imenenso akuba amayamba kuyenda, kusolola mikangala ya fodya wouma. Malemu ankagona komweko, pa mphasa ndi masaka awiri, chibonga pambali, ndipo sindinawamvepo akudandaula.

Ndiye kunabwera achimwene anga akulu, mimba imodzi ndi ine, atakhala zaka zambiri ku Joni. Kumeneko ankasamala maluwa pa nyumba ya anthu ena okonda kukagona kutchire pa tchuthi. Anabwerako ndi foni yaikulu, nsapato zokwerera mapiri, ndi pakamwa posatseka. Khasu sanaligwire n'kamodzi komwe. Koma atamva za akuba anadziguguda pachifuwa.

“Ulonda undisiyire ine, mlongo wanga. Koma pansi sindigona ayi. Pansi n'pa nkhuku.”

“Nanga mugona pati, achimwene?”

“Mu hamoki.”

Anandionetsa pafoni: nsalu yaitali yomangirira ku mitengo iwiri, munthu n'kugona m'kati akulendewera. Ndinkayesa akagula mawa lake, koma kusankha kokha kunatenga masabata awiri. Ine ndili pansi pa mtengo kusoka fodya, manja akuda bii ndi utomoni, iwo ali pakhonde miyendo pamwamba, kundiitana kuti ndidzaone. Iyi akuti nsalu yake ndi iwiri, ndiye ikulemera. Iyo ili ndi neti ya udzudzu yosokerera, koma zipi yake sakuikhulupirira. Inayo zingwe zake n'zopyapyala, zimadya khungwa la mtengo, ngati kuti mphanda za chigafa changa zinali ndi khungwa loti n'kulilirira. Imene ankafuna kwenikweni inali yopepuka kuposa zonse, yoti singapose buledi mmodzi kulemera kwake.

“Kodi achimwene, kuchoka pakhonde pano kufika kuchigafa mpaka mutope? Kupepukako kukuthandizani chiyani?”

“Iwe sungamve. Izi n'za anthu oyenda.”

Masabata awiri amenewo ndinkagona kuchigafa ndine, pa mphasa ya malemu.

Mnzawo wina anawabweretsera hamokiyo pa basi, ndipo anapita okha ku tauni kukailandira atavala nsapato za mapiri zija. Kanali kathumba kakang'ono ngati papaya, m'kati mwake nsalu yobiriwira yonga ya ambulera. Anaimanga pakati penipeni pa chigafa, pansi pa fodya, n'kulowamo masana dzuwa likuswa mtengo kuti anthu aone. Azakhali athu podutsa anaima, n'kufunsa modandaula kuti kodi wadwala ndani kuti timugoneke m'machira. Ndinaseka mpaka misozi, achimwene osaseka.

M'mawa wake anatulukira kukhitchini akunjenjemera, milomo itatuwa, msana atatembenuzira ku moto. Bulangete la malemu analitenga, jekete anavala, koma akuti chisanu chinawalowa chapansi. Ndipo anandiphunzitsa ine mbuli kuti m'hamoki chofunda chimene wagonera chimaphwatalala ndi thupi lako, ndiye sichigwira kanthu, pamafunika china cholendewera kunja, kunsi kwa nsaluyo. Ndinati mphasa ilibe vuto limenelo, poti kunsi kwake kuli dziko. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

Kusankha kunayambiranso. Chofunda chapansi chenicheni, chokhala ndi tingowe togwirizana ndi hamoki yawoyo, chikanatenga mwezi kuti chifike. Chimene anachipeza pafupi akuti n'chachifupi, chimasiya mapazi panja. China akuti n'cha nthenga, chikanyowa n'chachabe. Mapeto ake anapita pa kaunjika tsiku la msika ku Nsaru, n'kubwerako ndi thumba logonamo lakufa zipi, n'kulimangirira kunsi ndi malegeni. Linkalendewera ngati mimba ya ng'ombe ya bere, mphepo n'kumadutsa bwinobwino pakati.

“Vuto si chofunda,” anatero m'mawa wotsatira, akumwa tiyi wanga. “Vuto ndi mphepo ya kudamboyi. Chigafa chako chili pululu mbali zonse.”

Ndinawauza kuti chili pululu chifukwa ndi chigafa. Fodya wa bale sauma ndi moto, amauma ndi mphepo yodutsa, ndipo mwana aliyense wa m'mudzi muno amadziwa zimenezo asanadziwe kuwerenga. Anagwedeza mutu ngati amva. Apa pokha ndimadziimba mlandu ndekha, chifukwa munthu ameneyu ndinakula naye, ndinkadziwa kuti akagwedeza mutu choncho ndiye kuti sanamve kanthu.

Tsiku lomwelo foni inalira kuti mwana wanga woyamba, amene anali woyembekezera, matenda amuyamba, ali kuchipatala ku Namitete, ndipo zikuoneka kuti ndi za opaleshoni. Dzulo lake tinali titapachika masamba omaliza, apamwamba aja, aakulu ndi olemera madzi, amene mlimi amawadalira. Ndinamanga kachitenje kanga, ndipo ndikukwera kabaza ndinati, “Achimwene, musakhudze kanthu. Muzingogona basi.” Anati ndipite ndi mtima umodzi.

Ndinakhala kumeneko sabata yathunthu ndi masiku atatu. Mdzukulu anabadwa bwino, mayi wake anachira. Masiku onsewo kunkagwa mvula yamawawa, yosaleka, ndipo ndikayimba foni achimwene ankati zonse zili bwino, tsopano akugona ngati khanda. Ndinkayesa azolowera.

Pobwerera, ndisanafike n'komwe pamphambano, ndinaona chinthu chakuda chili ndii pamalo pa chigafa changa. Anali atachikulunga chonse. Pepala lapulasitiki limene malemu anasungira denga la nyumba analizunguliza mbali zitatu, mbali yachinayi anatseka ndi lona lobwereka, m'munsi monse n'kukwirira ndi dothi kuti kamphepo kasapeze polowera. Ntchito yaukhondo, ndinene zoona. Inali ntchito yoyamba imene manja amenewo anagwira chibwerere ku Joni.

Anandichingamira akumwetulira. “Talowa umve kufunda kwake. Ngakhale thumba lija ndachotsa.”

Nditakweza lona, fungo linandimenya kumaso, fungo la zinyalala zonyowa. Madzi ankadontha kuchokera m'pepala. Masamba apamwamba aja anali atada, ndipo nditagwira limodzi linangotsalira m'manja, msempha wake wapakati uli tepetepe. Amene anali atauma kale anali atabwerera chinyontho, chuku choyera chili mbuu mzere ndi mzere. Pakati pa zonsezo hamoki inali italendewera mwaudongo, kapilo kali kumutu.

“Achimwene, munabadwira m'nyumba ya fodya inu. Bambo ankatikwapula tikangoyanika mphasa m'mbali mwa chigafa. Mwaiwala zonsezo?”

“Aa, ndiye ukufuna ndife ndi chibayo chifukwa cha masamba?”

Ndinang'amba pepalalo ndi manja, ndikulira mokweza, ndipo sindinasamale kuti anansi akumva. Masiku atatu ndinakhala ndikusankha, kupukuta, kuyanika. Zoola ndinakataya kudzala ndi wilibala. Otsalawo anali fodya wa dzina lokha, wamawanga, wonunkha chuku, woti ku okushoni angangobweza belo lonse.

Apampando anabwera Loweruka, kope lawo lili m'khwapa. Pofika iwo pepala linali litachoka, lona litabwezedwa, hamoki ili m'kathumba kake pansi pa bedi. Achimwene anawatulutsira mpando, iwonso n'kukhala pa wina, ine pansi pamphasa monga mwa mwambo. Apampando anatenga tsamba, kulinunkhiza, kulitambasula padzuwa, n'kupukusa mutu.

“Mayi, apa mphepo inachepa. Mwina munathinitsa mikangala, eti? Zimachitika munthu akakhala kuti sanazolowere.”

Mawu anali pakamwa penipeni. Koma kwathu kuno mlongo wako wamwamuna ndiye mwini mbumba. Ndiye malume wa ana ako, ndiye adzayankhule pa ukwati wawo, ndiye adzaimirire pa maliro ako. Sumuvula pamaso pa alendo, ngakhale akhale chitsiru chotani, chifukwa ukamuvula wavula ana ako omwe. Ndinadikira kuti mwina achimwene anena okha. Ndinawayang'ana, ndipo anakonza kukhosi.

“Wayesetsa mlongo wangayu, apampando. Ine ndaona ndi maso anga, wayesetsa kwambiri. Koma nanga mayi yekha angathe zonse?”

Apampando anavomereza ndi mutu, mwachisoni ndithu, n'kundifunsa ngati ndinali ndi mawu. Ndinayang'ana pansi.

“Ayi, palibe.”

Anatsegula kope lija pabondo n'kulemba mzere umodzi pa dzina lathu. Achimwene anawaperekeza mpaka pamphambano, akuwakankhira njinga, ndipo ndinkawamva akuseka. Atabwerako anaima pakhomo la khitchini, kathumba kobiriwira kali m'manja, n'kundifunsa ngati lero akagonenso kuchigafa.

“Gonani m'nyumba, achimwene,” ndinatero. “Mulibenso choti wakuba angadzere m'menemo.”