Gitala Yomwe Inatulukira Padenga

Ndikukumbukira nsapato za bambo anga kuposa nkhope yawo ya tsiku limenelo. Zinali zakuda, zolemera, zija boma linkapatsa amesenjala, ndipo Loweruka limenelo anazivala popanda sokosi. Koma ndiyambire pa gitala, poti ndiyo inaputa zonse.

Tinkakhala ku Mchesi m'nyumba ya lendi, zaka zimene likulu linali litangosamukira ku Lilongwe ndipo fumbi la zomangamanga linali paliponse. Bambo ankapalasa njinga m'mawa uliwonse kupita ku City Centre, kumene ntchito yawo inali kunyamula mafayilo a boma kuchoka mu ofesi ina kupita mu ina. Kunyumba za kuntchito sankazitchula n'komwe. Masiku amenewo munthu ankatha kupita osabwerera chifukwa cha mawu amodzi olankhulira pamowa. Ana a lero akamva izi amati tikukokomeza. Sitikukokomeza. Bambo wina woyandikana nafe anatengedwa masanasana, mkazi wake anagulitsa mipando n'kubwerera kumudzi, ndipo dzina lake sitinalitchulenso.

Ine ndinali mu Sitandade 7. Tsiku lina atandituma kwa azakhali anga, omwe ankagwira ntchito m'nyumba ina ku Area 9, ndinasuzumira pa mpanda wina n'kuona bandi ikuyimba pa ukwati. Oyimba enawo sindinawasamale. Maso anga anali pa mkulu wina wamtali amene anakolekera gitala ya besi yofiira, yonyezimira, yokhala ndi mabatani opotokola komanso chingwe cholowa m'bokosi. Akakhudza nsambo, mawu ake sankalowera kukhutu. Ankalowera m'mimba. Ndinabwerera kunyumba nditalumbira kuti nanenso ndikhala nayo.

Anzanga ankapanga babatoni wamba: bokosi lamatabwa, chikopa, mtengo, nsambo imodzi, woyimba n'kukhalira pamwamba. Ine ndinakana. Yanga inayenera kuyimirira ngati munthu. Thupi lake ndinapangira bafa lachitsulo lomwe amayi analitaya litabooka. Chikopa anandipatsa a Saidi, mmisiri wokhoma zidebe ndi mbaula kufupi ndi kumene lero kuli Msika wa Tsoka, ndipo chinali cha mbuzi yawo ya Idi. Iwo omwewo anandiboolera bafa m'mbali n'kundionetsa kakungidwe: chikopa uchiviike, uchikoke chikadali chofewa, uchimange kuyambira mbali zopenyana, kenako uchisiye pamthunzi. Fungo lake linandikanirira m'manja moti agalu a ku Mchesi ankandiperekeza mpaka kusukulu. Khosi linali mtengo wa bulugama. A Saidi ataliona anapukusa mutu.

"Mwana iwe, ukupanga gitala kapena mlongoti wa mbendera? Dulako."

Sindinadule. Makani anga sanayambe lero.

Nsambo ndinayika zitatu, ziwiri za waya wa m'matayala owotcha, ina ya mabuleki a njinga yamoto. Ndikanalekera pomwepo, bwenzi nkhani ino kulibe. Koma m'dzala la kunyumba yomwe azakhali ankagwira ntchito ndinapeza wayilesi yakufa. Ndinazula mabatani ake opotokola n'kuwamangirira m'mbali mwa bafa. Ntchito analibe, koma kwa ine gitala yopanda mabatani sinali gitala. Chingwe chamagetsi cha wayilesiyo ndinachilendeweretsa kunsi, monga ndinaonera ku ukwati kuja. Pamutu pa mtengo ndinakhomapo mbale yonyezimira ya nyali ya lole, n'kuizunguliza zitsekerero za mabotolo kuti zizilira tsetsetse ndikamayimba.

Itatha, inakana kulowa m'nyumba. Mvula inali itayamba, ndiye ndinaiyimika m'kakhitchini kathu kapanja, n'kukweza lata limodzi kuti khosi litulukire padenga. Ndinadziona wanzeru. Sindinapite kumsewu kuti ndikaone momwe zinkaonekera: mtengo wotuluka padenga la mesenjala wa boma, mbale yonyezimira pamwamba, mawaya akutsikira m'kati. Wina anaona, ndipo anakanena. Mpaka lero sindidziwa kuti anali ndani, ndipo n'chifukwa chake anthu onse a mzere umene uja sindinawakhulupirirenso.

Mvula inavumba sabata yonseyo. Loweruka masana itangokata, anafika a tcheyamani a chipani a dera lathu, ali ndi anyamata a malaya ofiira. Anali munthu wamfupi, wochokera kumidzi ya kumadzulo kwa tauni, wogulitsa nyemba mumsika, koma akanena kuti uyu apite, ankapita. Sanaodire n'komwe. Amayi anawapatsa mpando, iwo anakana.

"Abambo, tamva kuti pano pali makina olankhulira ndi zigawenga za kunja."

Anyamata aja anakang'amba lata n'kuitulutsa gitala yanga, zitsekerero zikulira tsetsetse bwalo lonse. Azimayi oyandikana nafe analowetsa ana m'nyumba, koma makatani ankagwedera. A tcheyamani anaizungulira pang'onopang'ono. Anapotokola batani limodzi n'kutchera khutu. Kenako anatola chingwe chija.

"Ichi chimapita kuti?"

"Sichipita kulikonse," ndinayankha. "N'chokongoletsa. Ndi gitala iyi, ndapanga ndine."

Pa mayankho onse omwe ndinaperekapo pamoyo wanga, limenelo ndilo linamveka labodza koposa, pamene linali loona. A tcheyamani anandiyang'ana kuchokera kumapazi. Anati ngati ndi gitala, iyimbe.

Ndinaigwira pakhosi n'kukoka nsambo yaikulu. Inangoti phwa, ngati waponda papaya lowola. Ndinakokanso. Phwa. Nditagwira chikopa ndinapeza chili lendelende, chozizira ngati mphuno ya galu. Madzi a mvula ankatsetsereka ndi mtengo kuchokera padenga n'kumathera pachikopa, sabata yonse, ine osadziwa. Mnyamata wina wa malaya ofiira anaseka. A tcheyamani sanaseke. Anatembenukira kwa bambo n'kunena motsitsa mawu, ngati akuwaitanira ku tiyi.

"Valani nsapato, abambo. Mukafotokozere kutsogolo."

Bambo analowa m'nyumba n'kutuluka nazo m'manja. Anakhala pakhonde n'kuyamba kumanga zingwe. Amayi anagwira chitseko, osalira. Ndinkamva madontho akugwa kuchokera pamalata, ndi wayilesi ya munthu wina kutali. Ndinaganiza za mipando ya mayi uja mwamuna wake anatengedwa, ikukwezedwa pa ngolo.

Anthu amene amandidziwa amati ndili ndi mtima wapachala. N'zoona, ndipo tsiku limenelo ndi pamene ndinaudziwa. Mantha aja anasanduka ukali ndisanaganize, pakamwa panangotseguka pokha.

"Inu a tcheyamani, munakulira kuti? Ng'oma yonyowa inalirapo? Kwanu simuwamba ng'oma pamoto?"

Amayi anati "Mayo ine!" Bambo anasiya chingwe cha nsapato. Mnyamata woseka uja anandiyandikira dzanja lili m'mwamba, koma a tcheyamani anamuletsa ndi chala. Mwana sankalankhula choncho kwa munthu wamkulu aliyense, nanji kwa iwo. Koma ndinali nditawagunda posayembekezera. Munthu wa kumidzi ya Lilongwe ungamunene zambiri, koma osati kuti sadziwa ng'oma.

"Amayi, bweretsani mbaula," anatero.

Kudikira kumeneko sindidzakuyiwala. Makala anali onyowa, ankangofuka. Amayi anagwada n'kumakupiza ndi chivindikiro cha poto, misozi ya utsi ndi inayo itasakanikirana. Moto utayaka ndinapendeketsa bafa, chikopa chikuyang'ana makala. Ndinkadziwa kuti ukatalikitsa sichiuma, ukayandikitsa chimaphulika, ndipo chikaphulika umboni wanga watha. Chinayamba kutuluka nthunzi, fungo la mbuzi ya a Saidi linadzaza bwalo. Bambo anali chikhalire pakhonde, nsapato zonse kumapazi, maso ali pansi.

Kenako ndinangoona dzanja la a tcheyamani likugwira bafa.

"Ukuwotcha mbali imodzi, chitsiru iwe. Zunguliza."

Ananyonyomala pambali panga, thalauzi lawo la ku msonkhano likukhudza matope. Ankasisita chikopa ndi chikhatho, n'kugogoda ndi chala, n'kutchera khutu. "Pang'ono." Kugogodanso. "Pang'ononso." Mawu a chikopa anayamba kukwera, kuchoka pa phwa kufika pa du, kenako pa ndi. Anadzuka n'kupukuta manja.

"Yesa tsopano."

Ndinakoka nsambo. Inabangula. Mawu anatuluka m'bafa lobooka la amayi n'kugwedeza lata lomwe linang'ambidwa lija, n'kundilowa m'mimba ndendende ngati ku Area 9 kuja. Nyimbo yoti ndiyimbe sindinachite kusankha. Ndinagwira ija amayi a chipani ankavina pokonzekera misonkhano, yomwe ngakhale mwana woyamwa ankaidziwa. Anyamata a malaya ofiira sakanachitira mwina, anayamba kuwomba m'manja. Makatani anatseguka.

Chigamulo chinaperekedwa pomwepo. Mabatani, chingwe ndi mbale zinazulidwa n'kutengedwa, kuti akazionetse kwa amene anawatuma. Khosi linadulidwa ndi sowo ya woyandikana nafe, pamalo omwewo a Saidi analoza. Ndipo chifukwa cha mwano wanga, ndinalamulidwa kumayimbira amayi a chipani nthawi zonse akamakonzekera magule. Ndinasenza bafa limenelo kudutsa Mchesi yense mpaka nditalowa sekondale, ndipo nyimbo zimenezo zinandikola moti lero ndikazimva ndimazimitsa wayilesi.

Alendo atapita ndinadikira chikwapu. Sichinabwere. Bambo anawerama kuti avule nsapato, koma zala zawo zinkalephera kumasula mfundo. Anayesa, anayesanso. Ndinagwada n'kuwamasulira. Anandigwira pamutu, ndipo za tsiku limenelo sanazitchulepo mpaka kumwalira kwawo.

Lero madenga a Mchesi ali ndi mbale zonyezimira paliponse, mawaya akutsikira m'nyumba, ndipo palibe amene amatembenuka. Anthu amanyoza atsogoleri mu minibasi, kondakitala n'kumawathandiza. Mwana wanga wamwamuna ali ndi gitala ya besi yogula, mabatani ake amagwiradi ntchito, chingwe chake chili ndi kopita. Amayimba atatseka makutu ndi tizipangizo take, ngakhale ife a m'nyumba momwemo osamva kanthu. Komabe akaiyimika pafupi ndi zenera ndimamukalipira kuti aichotse, iye n'kumadabwa kuti chalakwika n'chiyani.

Mkazi wanga amati pakamwa pangapa padzandiphetsa. Mwina akunena zoona. Panandichotsetsa ntchito, panandidanitsa ndi alamu anga, kutchalitchi anasiya kundiyika m'makomiti. Ndimamulola anene, sindimutsutsa. Koma mumtima ndimadziwa kuti pakamwa pomwepa, kamodzi kokha, panavula bambo anga nsapato.