Kapinga wa Atate

Ndinali ndi zaka khumi pamene atate anabwera ndi thumba la kapinga pa njinga. Ankagwira ntchito yothirira udzu pa kampu ina ya alendo odzaona nyama zakutchire ku Nkwali. Loweruka limenelo anagwada pabwalo la nyumba yathu n'kuyamba kuubzala m'mizere. Ine ndinasangalala kwambiri, poti ntchito yosesa inali yanga.

Amayi sanasangalale. Kwathu bwalo limakhala lopanda kaudzu ngakhale kamodzi, ndipo m'mawa uliwonse, ndisanagwire tsache, amayi ankayamba aliyendera atawerama. Pafumbi ankaona pamene padutsa njoka, fisi kapena munthu. Udzu uja utayamba kuyanga, mapazi anasiya kuoneka.

Amene anakoleza moto anali a neba athu, Amake Tisa, mayi wosalola nkhani kuwadutsa. Tsiku lina anaima pamphepete pa kapinga ngati akuopa kuponda minga.

"Mwaswera bwanji, Amake Esinati? Koma mwamuna wobzala udzu pakhomo! Afuna kubisa mapazi a ndani?"

Amayi anaseka, koma kuseka kwake sikunandikomere. Kuyambira pamenepo chilichonse cha atate chinasanduka mlandu. Akafika mochedwa, amayi ankayang'ana matayala a njinga kuti aone dothi la njira yomwe adzera. Akafika msanga, ankadabwa kuti athamangira chiyani. Akasamba ndi sopo wa ku kampu, fungo lake linkakhala nkhani. Nanenso ndinayamba kuwayang'ana cham'mbali atate anga omwe, osadziwa n'komwe chimene ndikuwaganizira. M'nyumba mawu anachepa, ndipo ndinkaopa kuti ukwati wawo utha.

Lachitatu lina, dzuwa la Okutobala likuwotcha, amayi anatenga khasu. Anagaula bwalo lonse, thukuta lili kamukamu, n'kuunjika kapinga pafupi ndi khola. Fungo la mizu yonyowa linadzaza pakhomo.

Atate anafika cha m'ma faivi. Anaimika njinga, n'kuyang'ana mulu uja nthawi yaitali.

"Tsopano tiziona amene abwera pano," anatero amayi.

"Amake Esinati," atate anayankha motsitsa mawu, "ine ndithirira udzu tsiku lonse, ana a eni ake n'kumagubudukapo. Ndinafuna ndionekonso wanga akugubuduka."

Anatola mulu uja n'kuponyera mbuzi. Sanakalipe, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa akadakalipa.

Ukwati sunathe. Amayi anapitiriza kuyendera bwalo m'mawa uliwonse, ndipo sindinamvepo kuti apeza phazi lachilendo. Koma atate aja, amene kale ankafika ndi nkhani za njovu ndi tinthu tam'thumba, anayamba kumangofika, kudya, n'kugona.

Lero ndili pabanja panga, ndipo sindiwaweruza amayi, poti mantha a njoka anali oona. Chimene ndamvetsa n'chakuti mtima ukayamba kukayika, sudikira umboni. Amake Tisa anangofunsa funso limodzi n'kubwerera kwawo. Ife ndi amene tinatsala ndi atate osalankhula.