Mimba Yanga Itaphwa

Shuga sindinasiye chifukwa cha nzeru ayi, anali mantha. Zinali zaka zomaliza za chipani chimodzi, ndikugwira ntchito pa ofesi ina ku City Centre, titangolowa kumene m'nyumba ku Area 9. Masiku amenewo ndinali ndi mimba yoti mlonda akaiona ankayamba watsegula geti asanafunse dzina. Mu tiyi ndinkathira shuga mpaka wina kutsalira pansi pa kapu, n'kumukokota ndi supuni. M'mawa tiyi, pa ofesi tiyi ndi sikono, masana botolo la zoziziritsa kukhosi, madzulo tiyi winanso wa mkaka wotsekemera wa m'chitini uja. Tikapita kumudzi, malonje anali amodzi: mwanenepatu! Ndipo woyamikiridwa ankakhala akazi anga, poti kwathu kuno mwamuna wonenepa ndi mbiri ya mkazi wake.

Kenako kunabwera ludzu losamva madzi. Kuchimbudzi ndinkapita ngati ndinaiwalako china chake. Ikangopitirira nthawi ya nkhomaliro ndinkasinza pa desiki, zilembo papepala zili mbuu. Adokotala atandiyeza magazi anati ndili ndi shuga. Ine n'kuseka, n'kuwauza kuti shuga ndiye tili naye kunyumba, wosasowa. Iwo sanaseke. Anandipatsa mapiritsi, nandiuza kuti ndisiye zotsekemera zonse, ndichepetse nsima, ndiziyenda pansi, apo ayi ndidzataya maso kapena phazi. Sanafunike kubwereza, chifukwa malume anga nthenda yomweyi inali itawadulitsa kale mwendo.

Masabata oyamba ndinali munthu woipa, ndivomereze. Tiyi wopanda shuga ankakoma ngati madzi otsukira mbale. Mutu unkawawa, ana akangogwetsa supuni ndinkakalipa. Akazi anga sanadandaule. Anayamba kundiphikira mgaiwa pang'ono, masamba ambiri, phala losathira kanthu, ndipo chitini cha shuga anachichotsa patebulo n'kuchiika pamwamba pa kabati. Pang'ono ndi pang'ono ludzu lija linatha. Ndinayamba kugona tulo tenitweni, maso anayera, masitepe a ku ofesi ndinkakwera osapumira panjira. Lilime nalo linasintha, moti mbatata yowotcha ndinayamba kuimva kutsekemera kwake. Kunena zoona, ndinali ndisanapezepo bwino chotero kuyambira unyamata wanga.

Koma mimba inaphwa, ndipo inaphwa pa nthawi yolakwika. Inali nyengo imene nthenda ina inali itayamba kutenga anthu m'tauni, nthenda yosatchulidwa dzina. Ena ankati kaliwondewonde, ena matenda a boma, onse monong'ona. Munthu akaonda, anthu sankafunsa zambiri. Ankangoyang'anana.

Ndinazindikira ndi moni. Anzanga a pa ofesi anasiya kundifunsa kuti ndadzuka bwanji, anayamba kufunsa kuti ndikupeza bwanji, mawu atawafewetsa ngati ali kuchipatala. Kapu yanga inayamba kukhala payokha pa thireyi. Ndikafotokoza kuti ndi shuga, ankagwedeza mutu mwaulemu kwambiri, ndipo ulemu umenewo ndi umene unkandipsetsa mtima. Vuto linali lakuti odwala nthenda inayo nawonso ankati ndi shuga, kapena chifuwa. Choonadi changa chinali chitasanduka bodza la anthu onse.

Mathalauzi atayamba kundivuka, ndinapita nawo kwa telala wanga, bambo wachisilamu wachikulire amene ankasoka pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika waukulu. Anandiyeza m'chiuno. Kenako anafunsa ngati angopinda nsaluyo mkati osadula, kuti Mulungu akalola ndikadzachira tidzamasule. Ndinawauza kuti adule, kuchira kwake ndi kumeneku. Anadula, koma ndinaona kuti akundimvera chisoni.

Ine zonsezi ndinkazitenga ngati zanga ndekha. Sindinkadziwa kuti mtolo wolemera unali pamutu pa akazi anga mpaka tsiku limene apongozi anga aakazi anatulukira kuchokera kumudzi, Loweruka masana, osatumiza uthenga. Monga mwa mwambo sanandiyang'ane kumaso. Tinalonjerana patali, iwo atakhala pamphasa kukhonde la kuseri, ine n'kulowa m'nyumba. Koma mpongozi akafuna kuti mkamwini amve, amayankhula ndi mwana wake mokweza. Ndili m'khitchini ndinamva zonse.

Anati mbiri yafika kumudzi. Anati amva kuti pamaliro amayi a kutchalitchi sakumulolanso mwana wawo kugwira mthiko, akungomutuma nkhuni ndi madzi. Anati ena akunena kuti ine ndinatenga nthenda m'mabala, ena akuti mkazi ndiye akundimana chakudya, ndipo zonse ziwiri n'zochititsa manyazi. Tsono iwo ndi alongo awo, eni mbumba, agwirizana kuti mwana wawo ndi zidzukulu zawo apite kumudzi zinthu zisanafike poipa. Akazi anga anayesa kufotokoza za shuga. Apongozi anangoti shuga sanaondetsepo munthu, shuga amanenepetsa, ngati mwamunayo ali bwino anenepe anthu aone.

Ndinachita mantha kuposa tsiku la kwa adokotala lija. Ife Achewa ana ndi a kuchikazi. Eni mbumba akanena kuti tikutenga, mkamwini ulibe pogwira, kaya uli ndi tayi kaya nyumba ya mpanda. Ndinaganiza kuti ngati vuto ndi mimba, mimba ndikudziwa kapangidwe kake. Miyezi ingapo ya tiyi wabwino, sikono ndi nsima yoyera, anthu atseka pakamwa, ana anga akhala. Za phazi tidzaziona m'tsogolo.

Ndinatenthetsa madzi, n'kupanga tiyi. Ndinakwera pampando n'kutsitsa chitini chija pakabati. Ndinathira ngati kale, supuni yodzaza ndi inzake ndi inzake. Ndikutakasa, akazi anga analowa kudzatenga madzi akumwa a mayi awo. Anayang'ana chitini, anayang'ana kapu, anayang'ana ine.

"Bambo a ana, mukutani?"

Ndinawauza kuti ndamva zonse, ndipo sindingalole kuti iwo azinyozeka pamaliro ndi ana azitengedwa chifukwa cha tiyi. Ndinawafunsanso chifukwa chimene sanandiuzire za mthiko uja. Anangotenga kapuyo m'manja mwanga, n'kuthira tiyi yense m'sinki, n'kutsegula mpopi.

"Bola andinene inu muli moyo," anatero, mawu ali pansipansi, "kusiyana n'kudzandipepesa mutanenepa m'bokosi. Mayi ndithana nawo ndine. Ine sindikupita, ndipo ana sakupita."

Anatunga madzi aja n'kutuluka. Zimene anakambirana kukhondeko sindinazimve, chifukwa ulendo uno ankayankhula motsitsa. Apongozi anagona masiku angapo, akundiyang'ana chozemba mmene ndikudyera ndi mmene ndikuyendera, kenako anakwera basi okha. Sanakhutire, ndipo kutchalitchi mthiko sunabwerere msanga m'manja mwa akazi anga. Panapita zaka anthu akudikira maliro anga, akazi angawo akutola nkhuni pa maliro a ena.