Nthutumba ya ku Chibanja

Ine nsanje ndili nayo, sindibisa ayi. Koma sinandipwetekepo ngati chaka chimene kusukulu kwathu ku Chibavi kunabwera mphunzitsi wongodzipereka wochokera kunja, mtsikana wachizungu, wamng'ono kwa ine ndi zaka khumi.

Apo n'kuti nditaphunzitsa ku Mzuzu zaka zisanu ndi ziwiri chichokereni kwathu ku Zomba. Chitumbuka ndinkangochimvera patali. Mu ofesi ya aphunzitsi anzanga akayamba zawo, ine ndinkaweramira makope a ana, cholembera chofiira m'manja. Panalibe wondida, komanso ndikajomba panalibe wondisowa.

Koma mwana wa eni uja! Sabata imodzi yokha anali ataloweza kale “monire” ndi “yewo chomene”, ndipo akangotero aphunzitsi onse m'manja phwaphwaphwa, ngati kuti khanda layamba kuyenda. Ahedi anandipatsa ntchito yomuperekeza kuti azionako chikhalidwe cha kuno. Ine, wongodziwa njira ya kumsika ndi ya kutchalitchi! Mapeto ake iye ndiye ankandikoka: lero pa kabaza mpaka ku Luwinga, mawa kukasankha chitenje m'tauni. Amayi ogulitsa nthochi ankamuikira basela, pamene ine, kasitomala wawo wakalekale, ankangondifunsa ngati mnzanga uja wadzuka bwino. Mtima unkandiwawa, kunena zoona.

Chimene chinandimaliza ndi ichi. Pasukulupo panali mayi ena achikulire, Atumbuka, amene tonse tinkawalemekeza ngati kholo. Ndinkalakalaka atandiwerengera ngati mmodzi wa ana awo, koma pakhomo pawo ndinali ndisanapondepo. Mayiwa anaitanira mlendoyo kwawo ku Chibanja Loweruka masana, ine n'kundiuza kuti ndibwere naye kuti asasochere. Ndinapita ndikung'ung'udza chamumtima njira yonse: zaka zonsezi, lero ndikalowe m'nyumba imeneyi ngati wolozera anthu njira?

Anapha tambala. Titasamba m'manja, mayi aja anatapa nthutumba n'kuiika pa mpunga wa mlendo. Kwathu ngakhale kuno, nthutumba ndi ya mlendo wolemekezeka, ndiyo imaonetsa kuti nkhukuyo aphera iwe. Ndinaiyang'ana mpaka njala inandithera.

Mtsikanayo anaitembenuza ndi supuni, naona kuti ndi yolimba. Anandinong'oneza kuti sakudziwa kuti n'chiyani, ndipo ndisanayankhe anali ataikankhira kale m'mbale yanga, uku akumwetulira. Ndikanatha kumubwezera mwakachetechete mayi aja asanaone. Ntchito yanga inali imeneyo. Koma ndinaisiya dala pamwamba pa mpunga wanga, poonekera, kuti aone okha mmene mlendo wawo wapamtima watayira ulemu wawo.

Ndinkadikira kuti nkhope yawo igwe. M'malo mwake anatembenukira kwa ine.

“Idyani, Madamu,” anatero m'Chichewa chawo chokoka Chitumbuka. “Ndi yanu imeneyo, yangochedwa. Chaka chimene munabwera ndinakuitanani, tambala ndinapha. Tinakudikirani mpaka mpunga unazizira.”

Ndinakumbukira pomwepo. Linali Loweruka la mvumbi, ndisanazolowere kuzizira kwa ku Mzuzu, ndipo ndinagona m'bulangete tsiku lonse. Ndinkayesa kuitanako kunali kwa pakamwa chabe, monga timanenera posiyana kuti mudzatiyendere. Lolemba lake sindinapepese n'komwe, iwonso sanatchulepo, mpaka tsiku limeneli.

Mlendo anandifunsa kuti mayi akuti chiyani. Ndinamuuza kuti akuti adye momasuka, asachite manyazi. Iye anati “yewo chomene”, mayi aja n'kuseka, ndipo ulendo uno ine sindinakwiye. Nthutumba ija ndinaitafuna nthawi yaitali.