Tinadula mkuyu tisanaone simenti

Ndinkaphunzitsa Sitandade 3 pasukulu ina kuseri kwa Nsaru, ndipo kalasi yanga inali pansi pa mkuyu. Sindikuti kunali kokoma, ayi, koma dzuwa ndi mvula yowaza sizinkatipeza.

Tsiku lina khansala wa dera lathu anabwera ndi uthenga woti makhansala avomereza pamsonkhano wawo kutimangira buloko ya makalasi. Kwathu kuno chitukuko chimayenda chonchi: mudzi uumbe njerwa ndi kututa mchenga, khonsolo ibweretse simenti ndi malata. Makolo anaumba, amayi a kumpingo akutunga madzi. Pofika pootcha uvuni, nkhuni zinasowa, pajatu mitengo inathera m'zigafa za fodya. Maso a komiti ya sukulu anagwera pa mkuyu wanga.

Ndinakana kwamtuwagalu. Wapampando wa komiti anandiseka. "Aphunzitsi, mukulirira mthunzi? Mvula ikupezani pansi pa malata inu!" Anaugwetsa, njerwa zinapsa bwino.

Kenaka kuboma kunabuka mkangano. Bwanamkubwa ati makhansala ntchito yawo ndi kuvomereza basi, kusankha womanga ndi kusaina n'za ofesi yake. Makhansala ati iye ndi waganyu chabe, palibe anamuvotera, asasankhe munthu iwo asanamuone. Iwo anasiya kukumana, iye anasiya kusaina.

Ndinakwera minibasi kukafunsa ndekha. Kalaliki wina anandiuza mofatsa kuti lamulo linagawa mphamvu dala, kuti wina asapondereze mnzake. Zimenezo n'zoona, sindikutsutsa. Koma abale inu, lamulo lake liti limati anthu akuluakulu azinyanyalitsana ngati ana olimbirana mpira wachikulunga? Ndinabwerako mtima ukuwira, mpaka lero ndikakumbukira ndimapsa mtima.

Okutobala yense ana anapsa pamtetete, makope ali pamutu. Mvula itayamba, kamtambo kakangoda ndinkawauza kuti thamangani kwanu. Makolo anatopa nazo. Bambo wina anandifunsa pamsika, "Kodi mwana azivala yunifolomu kuti akangonyowa n'kubwerako?"

Kalasi inayamba kuchepa. Mabwana aja atagwirizana chaka chotsatira, anajambulitsa akugwirana chanza pa buloko yatsopano. Ine ndinkadutsa panjinga m'mphepete mwa esiteti ya fodya, n'kumamva timawu m'mizere, "Mwadzuka bwanji, aphunzitsi!" Anali ana anga aja, makasu ali m'manja, ena asanadziwe n'kulemba komwe dzina lawo.